Magazini asakusankhireni njinga yamoto ya maulendo aatali

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzathu amene akusunga ndalama zoti aitanitse njinga yamoto yaikulu ya maulendo aatali kuchokera ku South Africa kapena ku Japan. Ambiri amayamba ndi kuwerenga zimene atolankhani a m'magazini a njinga alemba, ndipo palibe cholakwika. Vuto limadza pamene chiyamikiro cha mtolankhani chasanduka chigamulo.

Tidziwe kaye mmene nkhanizi zimalembedwera. Njinga yatsopano ikamatuluka, kampani imaitana atolankhani, kawirikawiri ku Spain kapena ku Portugal, n'kuwalipirira ndege ndi pogona. Amaikwera tsiku limodzi kapena awiri, ilibe katundu, amakaniko a kampani ali pafupi. Mtolankhani sakunama akamati injini imakoka bwino ndipo mabuleki amagwira, koma sangadziwe chimene chidzafooke pa makilomita 40,000. BMW R 1200 GS inatamandidwa kwambiri, komabe mu 2017 kampaniyo inaitana eni a njinga za mtunduwu zopangidwa kuyambira 2013 kuti ikalimbitse mafoloko ogwira wilo yakutsogolo, omwe ankatha kumasuka njinga ikamagunda maenje mwamphamvu. Zotere siziululika pa ulendo wa masiku awiri.

Zoyenera kutenga m'magazini ndi manambala. BMW R 1250 GS ili ndi thanki ya malita 20 ndipo ikadzaza imalemera makilogalamu 249. Yamaha Ténéré 700 ili ndi thanki ya malita 16 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 205. Kusiyana kumeneku mudzakumva tsiku limene njinga yagwa pamchenga muli nokha. Za mafuta, tsatirani zimene atolankhani anayeza okha, osati zolemba kampani, ndipo kumbukirani kuti mabokosi a m'mbali ndi wokwera kumbuyo zimawonjezera kumwa. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 350, ndipo petulo akasowa, thanki yaing'ono imakuimitsani panjira.

Nkhani zolemera kwambiri ndi za kuyesa njinga kwa nthawi yaitali. Magazini ya ku Germany ya Motorrad imayendetsa njinga makilomita 50,000, kenako n'kuphwasula injini yonse ndi kuyeza mmene mapisitoni ndi magiya adyekera. Imodzi yotere imaposa nkhani khumi za tsiku lotulutsa njinga.

Koma ngakhale iwo sakuyankhani mafunso a kuno kwathu. Marimu opanda masipoko amasweka kapena kupindika akagunda dzenje lakuthwa, pomwe a masipoko amapirira ndipo amawongoleka. Tayala lakutsogolo la mainchesi 21 kapena 19 limadutsa bwino pamsewu wokumbika kusiyana ndi la 17. Tayala lopanda chubu likabooka mumalimata ndi pulagi yotsekera bowo osalichotsa. La chubu limafuna kuchotsa wilo yonse pambali pa msewu. Njinga zambiri zamakono zikayatsa nyali ya vuto zimafuna kompyuta yowerengera, ndiye funsani ngati makaniko wanu ali nayo musanalipire. Funsaninso mtengo wa tcheni ndi masipuloketi, mapadi a mabuleki, fyuluta ya mpweya ndi pampu ya mafuta, komanso masiku amene zimatenga kuti zifike kuchokera ku Johannesburg. Fumbi la chilimwe limatseka fyuluta msanga kuposa mmene buku la njinga limanenera.

Langizo langa n'lakuti magazini akuthandizeni kuchepetsa mndandanda kufika pa njinga zitatu, basi. Mukatero, pezani anthu awiri kapena atatu amene ayendetsa mtundu womwewo makilomita oposa 30,000, muwafunse chimene chinawonongeka ndi ndalama zimene analipira. Kenako ikwereni nokha kwa ola lathunthu, mutanyamula munthu ndi katundu. Imani potsetsereka muone ngati mapazi onse akufika pansi, tembenukani pamalo opapatiza, ndipo mverani ngati mphepo yochokera pagalasi lakutsogolo ikugwedeza chipewa mukafika makilomita 100 pa ola. Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito, pemphani buku la sevisi muone ngati mavalavu anayezedwa pa nthawi yake.

Makaniko wa njinga zamoto,
Lilongwe