Za ndalama zija munandifunsa

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Salima tilipo. Mwera wavuta masiku ano, asodzi a ku Senga Bay sakulowa m'madzi kawirikawiri, ndiye usipa wakwera mtengo moti nsima tikudyera mfutso.

Munandifunsa kuti ndalama zimene mumatumizira mlongo wanu zikumathera kuti, poti fizi ya mwana sinalipidwebe. Pa foni paja sindinayankhe chifukwa mwiniwake anali pafupi. Mtima ukhale m'malo, mowa samwa, ndipo palibe mwamuna amene akumudyera. Ndalama zikuthera kuoda katundu.

Mayi a kunyumba kwanga analowa kuchipinda kwake tsiku lina. Akuti pansi pa bedi pali nsapato za zidendene zazitali zosavalidwa n'komwe, mawigi akadali m'mapepala ake, ndi makina operera zipatso ali m'katoni. Makina a magetsi, achimwene, m'nyumba imene inu mukudziwa kuti magetsi sanalowe! Atamufunsa anangoti anali otchipa tsiku limenelo.

Musafulumire kumukalipira. Iye akuti zinayamba pamene ankafuna nsapato za ku ukwati wa mnzake, n'kufufuza pa foni. Ambirife timaganiza kuti chimene chabwera pamwamba tikafufuza ndiye chabwino koposa. Si choncho nthawi zonse. Pa Google, zoyambirira zija nthawi zambiri zimakhala ndi kalemba kakang'ono koti "Sponsored", kutanthauza kuti mwini katundu walipira kuti aonekere. Amalonda amapikisana pa mawu amene anthu amalemba, ngati "nsapato" kapena "foni", mpikisanowo umachitika m'kaphindi komwe mwadina, ndipo ambiri amalipira munthu akangotsegula malonda awo. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama za Alphabet, kampani imene ili mwini wa Google, amachokera ku kutsatsa malonda. Zili ngati oitanira pa depoti ya pa Kamuzu Road: amakulandirani chikwama mwaulemu, koma minibasi imene akukulowetsani ndi imene iwo apatsidwepo kangachepe, osati imene inyamuke msanga.

Izi si zopeka zanga. Mu 2017 bungwe la European Union linalipitsa Google chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika patsogolo tsamba lake loyerekezera mitengo n'kukankhira pansi a anzake. Mu 2024 woweruza wina ku America anagamula kuti kampaniyi inaphwanya lamulo pofuna kukhalabe yokha pamsika wofufuzira zinthu. Pamlanduwo zinamveka kuti mu 2021 mokha inalipira madola oposa 26 biliyoni kwa opanga mafoni ndi ena kuti ikhale yoyamba kupezeka munthu akafuna kufufuza. Ndalama zonsezo munthu sangatulutse ngati malo oyambawo alibe phindu.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti nkhani siithera pomwepo. Ukangoyang'ana nsapato kamodzi, zimakutsata. Utsegule tsamba la nkhani, zilipo. Upite kokacheza ndi anzako pa intaneti, zilipo, pano ndi chikwama chofanana nazo mtundu. Masamba ambiri amasunga zimene munthu waona n'kuzigwiritsa ntchito posankha malonda omuonetsa. Kenako pabwera mawu akuti zatsala ziwiri zokha, kapena mtengo ukwera mawa. Munthu amene ali yekha usiku, mwana wagona, bandulo ilipo, mutu umayamba kuwerengera.

Kuno kwathu pali chinanso. Mlongo wanu sagula mwachindunji kunja, alibe khadi ya ku banki. Amangojambula chithunzi n'kutumizira amayi ena amene amaoda katundu ku China ndi ku Dar es Salaam, n'kulipira theka pa foni. Ndalama ya pa foni siipweteka potuluka. Ukamawerenga ma K5,000 m'manja kupatsa wogulitsa, mtima umagunda, mwina n'kubweza dzanja. Pa foni ndi manambala anayi basi, zapita. Ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimadya ndalama zambiri. Theka lotsalalo wakhala akukongola ku banki m'khonde, ndiye zimene mumatumiza zikumafikira kubweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake.

Telala wa pamsika uja amasoka bwino kwambiri, mpunga wa ku Lifuwu mukuudziwa kununkhira kwake, koma fufuzani pa foni muone ngati mungawapeze. Alibe tsamba, salipira aliyense. Ndiye mwana wa kuno akamayang'ana pa foni amaona ngati zinthu zabwino zonse zili kutsidya kwa nyanja.

Maganizo anga ndi awa. Foni musamulande, ndi imene amalankhulira nanu, komanso makasitomala ake a mandasi amamuimbira pomwepo. Fizi muzitumiza ku akaunti ya sukulu, nambala yake ndikakutengerani kwa ahedi Lolemba. Za feteleza mutumize nthawi yogula itakwana, osati miyezi iwiri isanafike, poti ndalama yongokhala pa foni ndi imene imapita. Za ngongoleyo mukambirane naye nokha, modekha, koma musatchule kuti mwamva kwa ife. Mayi a kunyumba akuti amuthandiza kugulitsa nsapato ndi makina aja kwa anzawo ogwira ntchito pa boma.

Amayi anu ali bwino, mwendo uja wasiya kutupa. Akuti mukamabwera pa Khirisimasi musaiwale bulangete lija munawalonjeza. Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa kalekale,
ku Salima