Musanagule munda ku Phalombe funsani kaye komwe madzi amadutsa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi abale athu a m'tauni amene masiku ano akuthamangira kugula minda kumudzi, akuti atopa ndi lendi, mabilu ndi mtengo wa thumba la chimanga ndiye akufuna azidya zolima okha. Maganizowo ndi abwino ndithu, koma kuno ku Phalombe ndikuona anthu akusankha malo poyang'ana kutchipa ndi kukongola kwa phiri basi, ndipo zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Kudzidalira pa chakudya kuno nkotheka. Nandolo amachita bwino, mapira, mbatata, chinangwa, mpunga kumadambo a ku Chilwa, matemba ndi milamba zimapezeka nyanjayo ikakhala ndi madzi, nanga si inauma mu 1995 ndipo mu 2018 inaphweranso kwambiri. Koma wodalira chimanga chokha analira mu 2024 ndi ng'amba ya El Niño ija, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene anali ndi kachinangwa ndi mbuzi ndi amene anapumako.

Nkhani yaikulu ndi madzi a m'phiri. Mu March 1991 Napolo anatsika ku Michesi ndi miyala, mitengo ndi matope, anthu mazanamazana anapita. Mu March 2023 namondwe Freddy anabwera, ku Nkhulambe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, midzi, minda ndi milatho zinakokoloka anthu kukhala osafikirika. Ndiye inu mukaona munda wa m'tsinde mwa phiri uli ndi zimiyala zikuluzikulu pakati, musangoti tidzalima mozungulira, miyala imeneyo sinamere pamenepo, anaibweretsa ndi madzi ndipo njira yawo saiwala. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi chifukwa naye akufuna ndalama yoti asamukire kumtunda, mufunseni agogo oyandikana nawo kuti mu 91 madzi analekeza pati komanso nthawi ya Freddy anathawira kuti.

Komanso musamabwere kudzaona malo mu August nthaka ili gwaa, msewu uli bwinobwino. Bwerani mu February muone ngati galimoto kapena njinga ikufika, muwerenge mitsinje imene mungawoloke usiku mwana atadwala kuti mukafike kuchipatala ku Migowi, muone ngati pali mjigo pafupi poti mipopi yochokera m'phiri mapaipi ake ndi amene amayamba kukokoloka, kenako anthu amamwa za mumtsinje kolera nkulowa. Nyumba ya zidina yopanda maziko a simenti imasungunuka ndi mvula ya masiku atatu ngakhale mtsinje uli kutali, ndipo chakudya chonse chikakhala m'nyumba momwemo chimapitira limodzi.

Pempho langa kwa a khonsolo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi lakuti mapu oonetsa malo oopsa aikidwe poyera kwa ma T/A, m'misika ndi m'masukulu, olembedwa m'Chichewa osati kungokhala mu kompyuta ku ofesi. Mafumu nawonso asamasainire malo a m'mphepete mwa mtsinje kapena m'makhwawa a phiri, ndipo makomiti a m'midzi oona za ngozi apatsidwe mafoni ndi mawenzulo mvula isanayambe.

Ine wowerenga wanu,
Migowi, Phalombe