Kalata yochokera ku Chibavi, madzulo a Lamlungu

Mnzanga,

Uthenga wako ndinaulandira Lachinayi, ndipo zithunzi ndaziona. Wanenepa iwe! Ku Cape Town ukudya chiyani chimene ife kuno sitikudya? Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Ukudziwa mmene Mzuzu amachitira, m'mawa nkhungu mpaka 9 koloko, kenako kamvula kowaza kosadziwika ngati kakugwa kapena kangoima m'mwamba.

Unafunsa za mwana wako. Ali Folomu 4 tsopano, watalika kuposa bambo ake, ndipo wandipezera bwenzi limene sindinalifune.

Nkhani yake ndi iyi. Chiyambireni teremu yatha mwanayu ankafika kunyumba mdima utagwa, mapazi ali matope okhaokha, ati anali ku mpira wamanja. Ine mtima unandiwawa. MSCE ili pakhomo, ena akuwerenga, wanga akudumphadumpha pabwalo. Mlamu wako anangoti "asiyeni ana", monga mwa masiku onse, maso ali pa foni. Ndiye tsiku lina ndinamanga chitenje, kukwera kabaza, ulendo wa kusukulu, mawu onse nditawakonzeratu m'njira. Ndinkati ndikawauze amadamu amene amawaphunzitsa mpirawo kuti mwana wanga sindinam'berekere mpira.

Ndinawapeza atakhala pa njerwa m'mbali mwa bwalo, wezulo ili pakamwa, makope ali mulu pamiyendo, akuchonga masamu ndi cholembera chofiira. Diso limodzi pa kope, lina pa atsikana. Mayi wamfupi, jekete lalikulu ngati la amuna awo, nsapato yakumanzere yong'ambika pa chala. Sindinayambe n'komwe kuyankhula, iwo anayamba ndi "Monile mama", kenako n'kusinthira ku Chichewa atamva mmene ndapunthwira poyankha. Zaka zonsezi ndili kuno Chitumbuka changa chikadali cha pamsika, usandiseke. Anandisunthira njerwa ina kuti ndikhale. Ndiye ungakalipire bwanji munthu amene wakupatsa pokhala?

Anatulutsa kope la mwana wako pamulu paja osafufuza n'komwe. Anandionetsa kuti masamu amawatha, koma zimene amakopera pa bolodi ndiye zolakwika, 3 kulemba 8, 1 kulemba 7. Kenako anandiuza kuti ndimuyang'ane pabwalo. Akakhala pansi pa golo amachinya bwinobwino, koma akatalikira pang'ono amatsinzinira diso, mpira n'kupita kwina. Ati mwanayu saona bwino patali, mupite naye akamuyeze maso.

Mnzanga, ndinachita manyazi mpaka m'mimba. Mwana ndimagona naye nyumba imodzi, ndimam'phikira phala m'mawa uliwonse, koma amene anaona kuti maso ake ali ndi vuto ndi munthu wina amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo. Ine ndinkangoti amayandikira TV chifukwa cha mwano. Tinapita ku chipatala cha Central, anamuyeza, pano ali ndi magalasi. Tsiku loyamba kuwavala anaima pakhonde n'kumawerenga zikwangwani za tsidya la msewu mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Ine ndinalowa m'nyumba kukalira.

Kuyambira pamenepo ndimapita kubwaloko nthawi zina. Lamulo lawo ndi limodzi: walephera mayeso a mlungu umenewo, ukhala panja, kaya ndiwe katswiri chotani. Amawauza atsikana za Mwai Kumwenda, kuti ndi mwana wa konkuno ku Mzimba, anakafika mpaka ku Australia, ndipo mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Akafika pa nkhani ya 2018, pamene ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53, amaimirira n'kuiwala makope, mapepala n'kumauluka. Koma pomaliza amawabwezera pansi, ati yunivesite safunsa zigoli, amafunsa mapointi ndi Chingerezi. Iwe unali komweko ku Cape Town mu 2023 mpikisano wa dziko lonse lapansi uja ukuchitikira pakhomo pako, osapitako ngakhale tsiku limodzi. Ndinawauza amadamu, anangopukusa mutu. Akukudziwa tsopano, ndipo mbiri yako si yabwino.

Koma tamvera chimene andichita. Mwana wako am'sankha kukhala kaputeni. Ine ndinasangalala, ndinauza mpingo wonse, osadziwa kuti kaputeni ndiye amatenga yunifolomu kukachapa kwawo. Kwawo kwake ndi kwa ine. Malaya, masiketi, tinsalu tija ta zilembo zosonyeza malo a wosewera ngati GS ndi GK, zonse zofiira ndi dothi la kuno limene silichoka ngakhale upemphere. Sopo wakwera mtengo moti ndimadula mtanda ndi mpeni ngati nyama ya pa Khirisimasi. Ndipo uyanika kuti? Dzuwa kuno limabwera ngati mlendo wa ngongole. Pano pabalaza ponse ndi zingwe, mbaula ili pakati, mlamu wako akudya nsima pansi pa siketi ya Wing Defence ikum'donthera pamutu. Sabata yatha ina inapsa m'mphepete ndi makala, ndinagona osagona kuganiza kuti ndikawauza chiyani. Munthu wamkulu ngati ine, kuopa mphunzitsi! Ndinaisoka usiku ndi tochi ya foni. M'mawa anaiona, anandiyang'ana, n'kuti "Yewo mama", basi. Sindikudziwabe ngati kunali kuthokoza kapena kundiseka. Usiku wa dzana ndinalota ndikuchapa malaya a Moyale Barracks timu yonse, asilikali ataima pamzere kudikira. Ukabwera pa Disembala usandibweretsere mafuta onunkhira aja, bweretsa sopo, katoni.

Azakhali a ku Ekwendeni tinaika m'manda mwezi watha, ndikhulupirira achimwene ako anakuuza. Anthu anabwera ambiri. Amadamu aja anabwera nawonso, sindinawaitane, anangomva kwa mwana. Anakhala kuseri ndi azimayi akusenda anyezi tsiku lonse. Ntchito ya mlamu wako ija nayo sikuyenda, koma izo tidzakamba pamaso.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti akuti mwina awasamutsira kwina chaka chamawa, ndipo wamng'ono uja ndiye akulowa kumene Folomu 1. Ndinafuna kuwafunsa Lachisanu koma anali pakati pa kukalipira wina amene anagwira mpira kupitirira masekondi atatu, ndiye ndinangoti ndidikire kaye mpaka

Magetsi azima, ndipo ndikumva fungo la nsalu pa mbaula. Upereke moni kwa onse.

Ine mnzako wa ku Chibavi