Khadi yako ya kubanki ikhale mthumba mwako mwanawe

Mwana wanga,

Mayi ako usiku wonse sanagone, ine ndimangonamizira mkonono. Mlamu wako uja waimba foni akuti ku mgodi kwanuko anthu ayamba kunong'onezana za sitalaka, ndiye akuti iwe khadi yako ya kubanki ili kale mmanja mwa mashonisa, munthu wa katapila. Zoona zimenezi? Usanditumizire kachala kako ka pa WhatsApp kaja ayi, undiyankhe ndi pakamwa.

Sitalaka sindikukuletsa, ndikuletse ndine ndani. Mu 1987 ine ndinali konko ku Witbank komwe lero mukuti eMalahleni, tinayika zida pansi pa 9 Ogasiti, a golide ndi ife a malasha limodzi, NUM, bungwe lathu la ogwira ntchito mmigodi, ikufuna malipiro akwere ndi 30 peresenti, Ramaphosa yemweyu ali kamnyamata ka ndevu akutilankhulira. Masabata atatu. Sabata yoyamba tinkayimba mu hositelo mpaka mawu kusasa, yachitatu anthu ankangoyang'anizana, chifukwa ukapanda kulowa pansi malipiro kulibe, ndipo tinabwerera ku ntchito 30 peresenti ija osaiona, anzathu masauzande atachotsedwa. Ife a Theba, ofesi imene inkatilemba ntchito za ku migodi ya ku Joni, mantha anali awiri, ukalowa ntchito anzako akuti ndiwe igundane, khoswe, ukakana mabwana akukukweza ulendo wa kumudzi. Iwe udziwe kuti ndiwe mlendo kumeneko, usakhale patsogolo pa gulu ndi chibonga, za ku Marikana mu 2012, apolisi akuwombera a mmigodi ochita sitalaka, unaziona wekha pa TV.

Koma chimene chinandipweteka ine si apolisi ayi, ndi katapila. Ndinakongola pang'ono chabe kwa mkulu wina wa mu lokeshoni kuti ndigulire fodya ndi mowa poti tinkangokhala, mmene sitalaka imatha ngongole itabereka ana ndi zidzukulu. Wailesi ya makaseti imene ndinagulira mayi ako inapita, jekete inapita. Mayi ako mpaka lero amadziwa kuti wailesiyo inabedwa pa sitima, usawauze. Ndipo chaka chotsatira Theba inatsekeka kwa Amalawi, ndinafika kuno ndi sutikesi ndi chifuwa ichi basi.

Ndiye ukamapereka khadi ndi PIN yomwe kwa munthu, mutu wako ukugwira? Iwe amene unkalira ukataya 5 tambala ya zitumbuwa, kufukula mchenga bwalo lonse mpaka mdima! Tsiku la malipiro iyeyo amayamba kutapa, iwe n'kulandira makombo, ndiye sitalaka ikabwera udzadya chiyani, malasha? Katenge khadiyo. Ngati ndi kugulitsa foni yayikuluyo gulitsa, ugule ufa thumba lalikulu, nyemba, mafuta, sopo, ulipiretu lendi ya miyezi iwiri. Za malata a nyumba yathu usiye kaye, tadontheledwa zaka zingati, sitinafe.

Mnzako wa ku shabini uja amene anakuperekeza kwa mashonisa sindimufuna. Sindinamuonepo koma ndikumudziwa, wanganso analipo wotero.

Mkazi wako watithandiza kukolola, mwana wabwino, ndipo sanadandaule olo kamodzi kuti mwezi watha sunatumize. Kamdzukulu kayamba kuyenda, kakugwetsa ndowa za agogo ake. Masiki ya fumbi uzivala, sindikuseka.

Loweruka undiyimbire, ndipo ukamayimba khadiyo ikhale ili mmanja mwako undiwerengere manambala anayi omaliza.

Ndine bambo ako