Kalata ya Abusa: Za Abale Athu Amene Akulimbana ndi Mowa

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi Akhristu nonse,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Mwezi wathawu, titaweruka m'mapemphero, bambo wina anadikira mpaka anthu onse atapita. Anandiuza kuti: "Abusa, ndalapa kasanu pamaso pa akulu, mwandipempherera, koma likafika Lachisanu miyendo imapita yokha ku shabini." Sanandipemphe pemphero lina. Anafunsa ngati alipo munthu amene anasiya mowa woti akhale naye pansi. Andilola kuti ndikuuzeni mawu awowa, koma dzina lawo likhala ndi ine.

Funso limeneli landisowetsa tulo. Kuika munthu pa mwambo timadziwa, kumubwezanso timadziwa. Nanga pakati pa Lamulungu lino ndi linalo, munthuyo timamusiya ndi yani? Amabwerera kukomboni komwe mowa ukugulitsidwa khomo lachitatu kuchokera pakhomo pake. Boma la Zambia linaletsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, mu 2012, koma kachasu ndi timabotolo totchipa sizinachoke, kaya ku Kanyama, ku Matero kapena ku Chawama.

Alipo magulu a anthu amene anamwapo mowa mpaka kutaya ntchito ndi mabanja, ndipo amakumana kuti athandizane kukhala osamwa. Lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, ndipo muno mu Lusaka amakumananso. Linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, onse awiri zidakwa, anaona kuti akamauzana zoona zokhazokha za moyo wawo, tsiku limatha osamwa. Pamsonkhano palibe wolalikira. Anthu amakhala pansi kwa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, aliyense amatchula dzina loyamba lokha, ndipo wofuna kulankhula amalankhula, wosafuna amangomvetsera. Polowa salipiritsa, amangoyendetsa kambale kwa amene ali nako kangachepe. Chimene amafuna kwa munthu n'chimodzi: kufuna kusiya mowa. Salumbira kuti sadzamwanso moyo wonse, amangolimbana ndi tsiku la lero. Watsopano amasankha mnzake amene wakhala nthawi osamwa, woti azimuimbira foni ngakhale pakati pa usiku chilakolako chikamugwira.

Ena a inu mundifunsa kuti, kodi pemphero silikwana? Werenganinso Marko 2. Wopuwala uja anachiritsidwa ndi Yesu, koma anafika pamapazi ake atanyamulidwa ndi anthu anayi, amene anachita kusasula denga. Amene ananjenjemerapo m'mawa mpaka kulephera kugwira kapu amadziwa ponyamulira mnzake kuposa ine amene sindinadutsemo. Kupita ku msonkhano wotere si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo palibe amene adzaitanidwe ku bwalo la akulu chifukwa chopitako.

Muwapeza bwanji? Malo ndi nthawi zokumanira zimasintha, choncho funsani musanakwere minibasi. Yambirani pa kiliniki ya kwanuko kapena pa zipatala za Matero, Chawama, Kanyama, Chilenje ndi komboni ya Chipata, mufunse mlangizi. Ku Chainama Hills, chipatala cha matenda a maganizo chimene chili mu msewu wa Great East, amathandiza anthu ovutika ndi mowa, ndipo tisiye kulitchula dzinali monyoza. A Drug Enforcement Commission, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, nawonso ali ndi alangizi, ntchito yawo si kumanga kokha. Amene muli ndi foni ya intaneti, lembani "AA Lusaka". Gulu loyamba likapanda kukukomerani, musagwe mphwayi. Pitaninso kangapo kapena yesani lina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti muchimvetse. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Pa masiku awiri kapena atatu oyambirira thupi likhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kugwa ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo anthu amafa nazo. Mukaona zimenezi musamutsekere m'chipinda kapena kumusalitsa kudya. Thamangani naye kuchipatala, pemphero muzichita muli m'njira.

Inu amayi ndi abambo amene mwatopa ndi kubisa ndalama ya ufa ndiponso kunamizira matenda kuntchito kwa mnzanu, mtolo wanu ndikuudziwa. Kuyambira 1951 kuli Al-Anon, gulu la achibale a anthu omwa, ndipo mukamafunsa za AA mufunsenso za thandizo la banja. Ngati panyumba pali kumenyedwa, musadikire kuti mowa uyambe watha. Bwerani tikaonane ndi apolisi a Victim Support Unit.

Mukakumana ndi mbale wathu akulowa kumalo otere, mumupatse moni n'kupitiriza ulendo wanu. Nkhaniyo isafike pamsika kapena pa WhatsApp.

Lachitatu lililonse kuyambira 15 koloko ndizikhala mu ofesi ya mpingo. Amene akuopa kupita yekha abwere. Ine kapena mkulu mmodzi tidzamuperekeza ulendo woyamba, ndipo ya minibasi idzachokera m'thumba la chifundo.

Ndine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu