Nkhani zofukula zakale zikufunika kanema wa m'Chichewa

Akonzi,

Loweruka lapitali ine ndi mayi akunyumba tinatengera ana kunyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Mnyamata wathu ankayembekezera zimene amaona m'mafilimu: bambo wachipewa akuthawa m'phanga, golide ali kumanja. Mmalo mwake anapeza mbiya, zida zamakolo ndi mutu wa sitima yakale uja uli panja. Poyamba anakwinya nkhope, koma nditamuuza kuti ofukula enieni amakumba pang'onopang'ono, nkumasesa dothi ndi kaburashi, mafunso sanathenso mpaka m'minibasi.

Ndiye ndikufunsa opanga mafilimu athu: bwanji osalowa m'nkhani zimenezi? Si kuti zikusowa ayi. Ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli zojambula pamiyala za Akafula ndi Achewa, zomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kanema wa mphindi 10 m'Chichewa, woonetsedwa mwana asanayambe kuzungulira m'zipinda za nyumba yosungiramo zinthu zakale, ungamugwire mtima kuposa zolemba zapakhoma, zomwe wanga sanawerenge n'chimodzi chomwe.

Kholo,
Chilomoni, Blantyre