Za tinsomba ta mdzukulu wanga tija

Mwana wanga,

Chithunzi chija watumiza pa WhatsApp ndachiona, anandionetsa ndi amayi ako poti foni yanga ija batire yake inatupa. Mdzukulu wanga waima pambali pa kambale kagalasi kozungulira ngati mphika, mkatimo tinsomba tiwiri tofiirira tija amati goldfish, iye kumwetulira mano onse pamtunda. Ndasangalala ndithu koma ndisakunamize, ine maso anga anathamangira pa tinsombato. Mmene mwatiikiramo muja sitifika Khirisimasi ayi, ndipo wodzalira ndi mwanayo.

Ukudziwa zaka zija ndinali ku Joni ntchito yanga sinali ya m'munda yokha, abwana anali ndi thanki ya goldfish pabalaza ndi kadziwe kena kuseri kwa nyumba, wozisamala ndinali ine. Zoyamba zinafera m'manja mwanga, sindibisa. Ndinakhuthula madzi onse, kutsuka thanki ndi sopo mpaka mbee, kuthiramo madzi a pampopi, ine kumadziona ngati ndagwira ntchito yoti andionjezere malipiro, kutacha zitatu zili chagada pamwamba pa madzi. Abwana sanandichotse ntchito, anangondikhazika pansi nkundifotokozera, nde zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira ndi manyazi.

Tinsomba ukutiona ngati usipa ito ndi tiana chabe. Goldfish ndi m'bale wake wa nsomba ija amati carp, anthu a ku China anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ikasamalidwa imakhala zaka 10 mpaka 15, zina kudutsa 20. Ya thupi lalitali ija imafika masentimita 25 kaya 30, kuposa chambo chambiri chimene mumagula pamsika. Zija zonenepa za mchira wapawiri zimachepako koma nazonso zimadzaza chikhatho. Ndiye werengera malita 75 pa nsomba yoyamba, ina iliyonse yoonjezera malita 40, ziwiri zakozo zikufuna thanki ya malita osachepera 115, ndipo ngati zili za thupi lalitali zija tsiku lina zidzafuna kadziwe basi. Gula thanki yaitali m'mbali osati yotalika kupita m'mwamba chifukwa mpweya umalowera pamwamba pa madzi. Komanso lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ukaonjeza galasi ndi miyala ndi katundu woposa matumba awiri a simenti, usakaike pa kashelefu ka TV kaja ndinakaona kwanu kakugwedera.

Koma nkhani yeniyeni ndi madzi, apa werenga modekha. Nsomba ilibe chimbudzi, pomwe ikudyera ndi pomwe ikudzithandizira, ndipo goldfish pa nkhani imeneyi ndi akatswiri. Zonyansazo pamodzi ndi zotsala za chakudya zimatulutsa amoniya, ameneyu ndi poizoni, amawotcha makha a nsomba, ndipo sumuona ndi maso, madzi amatha kuoneka oyera bwinobwino nsomba ikuvutika. Chimene chimapulumutsa ndi mabakiteriya abwino amene amamanga mudzi mu siponji ya mu fyuluta, kachipangizo kosefa madzi kaja, ndi pa miyala. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate amene ndi wofatsako, ameneyo ndi amene umamuchotsa posintha madzi. Tsono mabakiteriyawa sabwera tsiku limodzi, amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Mwa dongosolo lake munthu umayamba wadzaza thanki, kuyatsa fyuluta, kumaponyamo kachakudya pang'ono kuti kaziwola, nsomba nkudzagula mwezi utatha. Wogulitsa uja sakanakuuza zimenezi, iye amafuna utenge zonse tsiku lomwelo.

Poti inu nsomba muli nazo kale, chita chonchi. Ngati ndalama ya thanki sinakwane mwezi uno, gula chibeseni chachikulu chapulasitiki chatsopano, chimene sichinaonepo sopo, uikemo kafyuluta ka siponji ndi kapampu ka mpweya. Sichokongola koma nsomba sizidziwa zokongola. Masabata oyambawa uzichotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi tsiku lililonse kaya pakadutsa tsiku, zinthu zikakhazikika kamodzi pa sabata kakwana. Osachotsa madzi onse, ndi kulakwa kwanga kuja. Ukapeza timabotolo toyezera amoniya ndi nitrite gula, zonse ziwiri zikamaonetsa 0 ndiye kuti mudzi wa mabakiteriya uja wakhazikika.

Madzi a pampopi a m'tauni ali ndi klorini, kwa ife ndi wabwino koma amapha nsomba ndi mabakiteriya omwe. Pali mankhwala amadontho ochotsa klorini, kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Akasowa tunga madzi mu ndowa uwasiye osavundikira tsiku lathunthu kaya awiri, ngakhale madontho aja ndi amene ndimawakhulupirira. Siponji ya fyuluta ikada uziifinya m'madzi omwe wachotsa mu thanki, ukaitsuka pampopi wapha mudzi wonse nkuyambiranso. Ndowa ya nsomba ikhale ya nsomba basi, uwauze apongozi anga asachapiremo matewera.

Kudyetsa ndi kumene ndikuopa mdzukulu wanga, chifukwa goldfish ikakuona imabwera pagalasi kukamwa yasa ngati sinadye sabata yonse, mwana amva chisoni nkuthiramo chitini chonse. Ndi bodza lake limenelo. Kawiri pa tsiku, kachakudya koti zimalize m'mphindi ziwiri, chotsala chotsani. Nsima ayi, buledi ayi, zimawolesa madzi. Nthawi zina phikani nsawawa ziwiri, kusenda khungu nkuziphwanya, zimathandiza m'mimba makamaka zonenepa zija zikayamba kuyandama chammbali. Ndipo mukapita kumudzi masiku atatu sizifa ndi njala, kuposa kusiyira mwana wa aneba kuti azidyetsa.

Hita yotenthetsera madzi usagule, goldfish ndi nsomba ya madzi ozizira, madigiri 18 mpaka 23 ndi pabwino. Vuto lanu kumeneko ndi kutentha kwa Okutobala, madzi akatentha mpweya umachepa, ukaziona zikuyasama pamwamba dziwa kuti zabanika. Thanki ikhale kutali ndi windo, dzuwa limatenthetsa madzi komanso limameretsa ndere mpaka osaona nsomba. Magetsi akathima nthawi yaitali usadyetse, tenga kapu uzitunga madzi a momwemo nkumawatsanulira kuchokera m'mwamba kangapo, kaya upeze kapampu ka mabatire. China chimene anthu sachiganizira ndi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, amenewa kwa nsomba ndi imfa. Mukafuna kupopera vundikirani thanki, zimitsani pampu ya mpweya kaye, bola osapopera m'chipindamo nkomwe.

Ndamvanso kwa amayi ako kuti ukufuna udzatenge mbuna, tinsomba ta m'miyala ta m'nyanja ya Malawi tija, ku Senga Bay ukabwera, uziike limodzi. Aaa ayi. Mbuna ndi zokongola zoona, mpake azungu amaziitanitsa mpaka ku Ulaya, koma zimafuna madzi ofunda ndipo ndi zandewu, zingathothole michira ya goldfish zako mpaka kutha. Ukazifuna zidzakhale ndi thanki yakeyake. Ndipo tsiku limene mudzatope nazo goldfish zi, mudzapatse munthu wina, osakazitaya mumtsinje kaya m'nyanja, ndi nsomba yachilendo kuno ndipo ikaswana kuthengo imasokoneza nsomba zathu.

Mwanayo umupatse ntchito yake, aziyeza chakudya ndi kunyamula kakapu posintha madzi Loweruka, ndowa yolemera nyamula ndiwe. Ukagula chibeseni chija unditumizire chithunzi pa foni ya amayi ako, ujambule chapafupi ndione mchira kuti ndidziwe ndi mtundu uti. Amayi ako akuti mtedza uja atumiza ndi basi ya Lachisanu, ukaulandire.

Ndine bambo ako.